Sunnah m'malamulo a Chisilamu: kodi Hadith zinalembedwadi patadutsa zaka 200?

Asalaam alaikum abale anga nonse amene mukukonzekera mayeso. Ndiyambe ndi funso. Nkhuku ikafa yokha m'khola, Msilamu sadya. Nanga usipa umene munadyera nsima dzulo uja anauzinga ndani? Palibe. Qur'an pa Surah 5 ndime 3 ikuletsa nyama yofa yokha, pa ndime 96 ikuloleza za m'nyanja, koma amene ananena poyera kuti nsomba ndi dzombe n'zololedwa ngakhale zitafa zosazingidwa ndi Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye. Ntchito ya Sunnah ndi imeneyo. Musachoke, chifukwa pa mfundo yachinayi pali bodza limene likudyetsa ana malikisi, ndipo lero ndithana nalo.

Choyamba, tanthauzo. Lembani msanga. Sunnah ndi zimene Mtumiki ananena, zimene anachita, ndi zimene anaziona zikuchitika iye osaletsa. M'Chiarabu: qawl, fi'l, taqrir. Chitsanzo cha chachitatucho: Khalid ibn al-Walid anadya buluzi wa m'chipululu wotchedwa dabb pamaso pa Mtumiki. Mtumikiyo sanadye nawo, koma sanamuletse. Hadith ndi nkhani imene yanyamula Sunnah kuti itipeze ife. Ndipo chenjerani: mawu akuti sunnah amene timanena pa swala zoonjezera ndi nkhani ina. Mukalemba kuti Sunnah ndi zinthu zosakakamiza pomwe funso likufunsa magwero a Sharia, malamulo a Chisilamu, mwaphonya funso lonse.

Chachiwiri, malo ake. Magwero ndi anayi: Qur'an, Sunnah, Ijma (kugwirizana kwa akatswiri a chipembedzo), Qiyas (kufananiza nkhani yatsopano ndi imene ili kale ndi lamulo). Sunnah ndi yachiwiri. Umboni wake lowezani ndime zitatu: 4:59, mverani Allah ndipo mverani Mtumiki, 59:7, chimene Mtumiki wakupatsani landirani, chimene wakuletsani siyani, 16:44, anatumidwa kuti afotokozere anthu zimene zinatsitsidwa. Basi, tipitirire.

Chachitatu, ntchito zake, zilipo zitatu. Imatsimikiza zimene Qur'an yanena kale, monga kuletsa kuba ndi umboni wonama. Imafotokoza zimene Qur'an yanena mwachidule. Qur'an ikuti imikani swala, koma simupezamo kuti Fajr ndi rakaa 2, Dhuhr 4, Asr 4, Maghrib 3, Isha 4. Ikuti perekani zakaat, chopereka chokakamizidwa cha pa chuma, koma mlingo wa gawo limodzi mwa magawo 40 pa siliva unachokera ku Sunnah. Pomaliza imaika lamulo limene Qur'an sinatchule. Ndime ya 4:23 ikuletsa kukwatira akazi awiri apachibale nthawi imodzi, Hadith n'kuonjezera kuti mkazi ndi azakhali ake, kapena mkazi ndi mchemwali wa amayi ake, nazonso n'zosatheka. Pa chuma cha masiye, Sa'd ibn Abi Waqqas atadwala anafuna kupereka chuma chambiri, Mtumiki anamuikira malire a gawo limodzi mwa atatu. Wolemba mayeso akafuna zitsanzo, m'patseni zimenezi.

Ndisanapitirire, ngati vidiyoyi ikukuthandizani dinani subscribe ndi kabelu kaja, muitumizenso ku gulu la WhatsApp la kalasi yanu. Mnzanu amene alibe bandulo lero mukamuonetse pa foni yanu.

Tsopano chachinayi. Khalani bwino.

Mwamvapo anthu akuti: “Hadith zinalembedwa patadutsa zaka 200 Mtumiki atamwalira, ndiye ndi zam'maluwa.” Ndaziona zimenezi pa Facebook, ndazionanso m'makope a ophunzira, ndipo zimandiwawa, chifukwa munthu akungobwereza chinthu chimene sanachifufuze n'komwe. Bodzali likuchokera pati? Mtumiki anamwalira m'chaka cha 632. Imam al-Bukhari, wolemba buku lotchuka la Hadith, anabadwira ku Bukhara, m'dziko limene lero ndi Uzbekistan, m'chaka cha 810, n'kumwalira mu 870. Munthu amangochotsera manambalawo n'kunena kuti wapeza. Koma al-Bukhari sanali woyamba kulemba. Iye anabwera kudzapeta zimene zinalipo kale.

Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'onopang'ono. Mtumiki ali moyo, Abdullah ibn Amr ibn al-As ankalemba zimene ankamva, ndipo Abu Hurayra mwiniwake, amene anasimba Hadith zambiri, anavomereza kuti mnzakeyo ankalemba pomwe iye sankalemba. Makka atagonjetsedwa mu 630, munthu wa ku Yemen dzina lake Abu Shah anapempha kuti amulembere ulaliki wa tsikulo, Mtumiki n'kulamula kuti amulembere. Inde, ilipo Hadith yoletsa kulemba china chilichonse kupatula Qur'an, ndipo musaibise pa mayeso. Akatswiri ambiri amati chiletsocho chinali cha poyamba, poopa kuti mawu a Mtumiki angasakanikirane ndi Qur'an.

Kenako Hammam ibn Munabbih, wophunzira wa Abu Hurayra, anasiya kabuku ka Hadith pafupifupi 138, ndipo kabukuko kalipo mpaka lero, kanasindikizidwa. Khalifa Umar ibn Abd al-Aziz, amene analamulira kuyambira 717 mpaka 720, analembera Abu Bakr ibn Hazm ku Madina kuti asonkhanitse Hadith, poopa kuti odziwa akutha kumwalira. Werengani nokha: pamenepo zaka 100 zisanakwane. Al-Zuhri, amene anamwalira mu 742, anagwira ntchito yomweyo. Imam Malik, amene anamwalira mu 795, analemba buku lake la Muwatta, al-Bukhari asanabadwe. Tsegulani Muwatta muone: Malik anamva kwa Nafi, Nafi anamva kwa Abdullah ibn Umar, Ibn Umar anamva kwa Mtumiki. Anthu awiri okha pakati! Zili ngati inuyo kumva kwa agogo anu zimene iwo anamva kwa bambo awo.

Wina ati, nanga si al-Bukhari anaona Hadith 600,000 n'kusankhamo 7,000 ndi kanthu, ndiye kuti zotsalazo zinali zabodza? Ayi, abale anga, ayi. Tiyerekeze uthenga wa maliro. Uthenga ndi umodzi, koma wafika pamudzi kudzera mwa anthu khumi. Akatswiri a Hadith amawerenga njira iliyonse payokha, ndiye uthenga umodziwo amauwerenga khumi. M'chiwerengero chachikulucho mulinso mawu a Maswahaba, anthu amene anakhala ndi Mtumiki, ndi a ophunzira awo. Komanso al-Bukhari sananene kuti waika Hadith zonse zoona. M'dzina lenileni la buku lake muli mawu akuti mukhtasar, kutanthauza chidule. Anatha zaka 16 akupeta.

Kodi ndikunena kuti zabodza kunalibe? Zinalipo, zambiri ndithu. Anthu ankapeka Hadith pofuna kukweza gulu lawo la ndale, mzinda wawo, ena poganiza kuti akulimbikitsa anthu kupembedza. N'chifukwa chake panabadwa sayansi yonse yofufuza. Hadith ili ndi mbali ziwiri: isnad, mndandanda wa anthu amene anapatsirana, ndi matn, mawu enieniwo. Kuti itchedwe sahih, kutanthauza yotsimikizika, pamafunika zinthu zisanu: mndandanda usaduke, aliyense akhale wolungama, akhale wosunga bwino zimene wamva, isatsutsane ndi za anthu odalirika koposa, ndipo isakhale ndi chilema chobisika. Pansi pake pali hasan, yabwino, kenako da'if, yofooka, ndipo yopeka ndi mawdu. Kufufuzaku kunayamba kalekale. Agogo aakazi ena atabwera kwa Abu Bakr kudzafunsa gawo lawo la chuma cha masiye, al-Mughira ibn Shu'ba ananena kuti Mtumiki ankapereka gawo limodzi mwa magawo 6. Abu Bakr sanangolandira, anafunsa ngati pali mboni ina, mpaka Muhammad ibn Maslama anaimirira n'kutsimikiza.

A ku koleji, mukakumana ndi dzina la Joseph Schacht, amene mu 1950 anakayikira Hadith zambiri za malamulo, ndi Muhammad Mustafa al-Azami amene anamuyankha. Lembani mbali zonse ziwiri, mtsutsowo ndi weniweni. Chimene sindifuna kuona ndi chiganizo chakuti kunalibe cholembedwa mpaka al-Bukhari.

Chachisanu, mwachangu, nthawi yatha. Maimamu onse anayi a malamulo, Abu Hanifa, Malik, al-Shafi'i ndi Ahmad ibn Hanbal, amavomereza Sunnah, amasiyana pa kagwiritsidwe. Malik ankalemekeza kwambiri zochita za anthu a ku Madina. Al-Shafi'i, amene anamwalira mu 820, anaumirira kuti Hadith yotsimikizika ndiyo ili patsogolo. Kuno kwathu Asilamu ambiri amatsata al-Shafi'i, chifukwa Chisilamu chinafika kudzera kwa amalonda a ku gombe la Aswahili. N'chifukwa chake mumzikiti wina pa Fajr imamu amawerenga qunut, pemphero lapadera la mkati mwa swala, pomwe wa Ahanafi, otsatira Abu Hanifa, sawerenga masiku wamba. Onse ali ndi Hadith m'manja.

Ntchito yanu usiku uno: lembani ndime imodzi yosonyeza mmene Sunnah imafotokozera Qur'an, ndi zitsanzo ziwiri, chimodzi cha swala, china cha chuma cha masiye. Vidiyo yotsatira ndi ya Ijma ndi Qiyas, ndipo mubwere ndi kope lomwelo. Wasalaam alaikum.