Rauta ya ku Limbe ikukana kupatsana moni ndi ya ku Ginnery Corner

Ee, mphwanga, uthenga wako ndaumva, woti rauta ya ku Limbe siikugwirizana ndi ya ku Ginnery Corner pa OSPF, njira imene marauta amauzirana okha kodutsa mapaketi. Ndili mu msewu wa Chipembere, magalimoto athinana pa Chichiri apa, ndiye ku Limbeko ndifika mochedwa. Usandidikire. Tsegula laputopu, lumikiza kebulo ya console, uzimvera uthenga wamawuwu pang'ono, kuuimitsa, kuchita, kenako kupitiriza.

Poyamba, siya kuzimitsa ndi kuyatsa rautayo. Akuti wachita kale katatu. Rauta ikayaka imawerenga config yomwe ija, malamulo amene tinailembera, ndiye ngati muli cholakwika, idzadzuka nacho chomwecho.

Wanena kuti ping, ija yoyesera ngati mbali inayo ikuyankha, ikudutsa mpaka ku Ginnery Corner. Zabwino, ndiye kuti kebulo ndi ma IP a pa linki ali bwino. Koma ping ndi nkhani ina, OSPF ndi nkhani ina. OSPF imayamba ndi moni, aja timati hello, ndipo moniyo amapita ku 224.0.0.5 pa protocol 89. Si TCP, si UDP. Ping ikhoza kudutsa bwinobwino moniyo akutsekeredwa panjira.

Tsopano lemba show ip ospf neighbor, imaonetsa ma neighbor, marauta oyandikana nawo amene yathu ikuwamva, ndi pamene mgwirizano wafika. Zimene uone pamenepo ndi zimene zikuuze kopita, ndiye usathamangire kusintha kanthu usanawerenge.

Ngati palibe chilichonse, mbee, ndiye kuti marauta awiriwa sanagwirizane ngakhale pa moni. Lemba show ip ospf interface, ujambule ndi foni, uuze mnzathu wa ku Ginnery Corner ajambulenso zake akutumizire pa WhatsApp. Uziyike mbali ndi mbali. Ntchito yonse ya lero ndi imeneyo: kufananitsa. Area, chigawo cha OSPF, ikhale imodzi, ngati uko ndi area 0 kunonso area 0. Hello ikhale masekondi 10, dead, nthawi yodikira moni usanati mnzako wagwa, 40, ndizo zimabwera kale pa Ethernet, koma munthu akasintha mbali imodzi yokha, sizionana ngakhale mutadikira mpaka mawa. Subnet mask ifanane. Ngati pali pasiwedi, ilembenso mwatsopano mbali zonse ziwiri, usadalire maso, chifukwa kampata kamodzi kotsalira kumapeto sikaoneka koma kamakaniza.

Nanga port yathuyo ikapanda kuoneka n'komwe mu show ip ospf interface? Pita ku mzere wa network mu config ya OSPF. Apa ndi pamene ambiri timagwera. Linki yathu ndi /30, mask yake 255.255.255.252, koma OSPF ya Cisco imafuna wildcard, mask yotembenuzidwa, yomwe ndi 0.0.0.3. Onanso kuti adiresi yalembedwapoyo ikuphimbadi IP ya pa port. Ndiye fufuza passive-interface default. Ine ndimaikonda, imaletsa rauta kuponya moni ku ma switch a antchito, koma ukaiwala kulemba no passive-interface pa port yopita ku Ginnery Corner, rauta yako imangokhala duu, siyankhula ndi aliyense.

Ukaona INIT mu show ip ospf neighbor, ndiye kuti ife tikumva moni wawo koma iwo sakumva wathu. Pamenepo kayikira access list, mndandanda wosefa mapaketi, ya mbali yawo, kapena kampani imene imatipatsa linki ikudula multicast, mapaketi opita ku gulu ngati moniwa, njira imodzi. Ukaona 2WAY pa linki ya marauta awiri okha, ona priority, mwina onse anapatsidwa 0 ndipo palibe woti asankhidwe kukhala DR, rauta yotsogolera pa linkiyo. Pa switch pomwe pali marauta ambiri, 2WAY pakati pa amene si DR kapena wachiwiri wake BDR si vuto, usalimbane nayo.

Koma ine mtima wanga ukundiuza kuti upeza EXSTART kapena EXCHANGE, ikukwera n'kugwa, kukwera n'kugwa. Rauta ya ku Limbeyo ndi yatsopano, tinaiika yakale itapsa magetsi atabwera mwamphamvu, ndipo config inalembedwa mothamanga. Zikatero, kawirikawiri ndi MTU, kukula kwa paketi yayikulu kwambiri imene port ingadutsitse. Marauta akamayamba kuuzana zimene aliyense akudziwa, amalengezanso MTU yawo, ndipo rauta ikalandira nambala yoposa yake imakana kupitiriza. Lemba show ip interface, tchula port, uone MTU. Ethernet imabwera ndi 1500. Ngati OSPF ikudutsa mu tunnel ya GRE, imene imakulunga paketi mkati mwa ina, uona 1476, chifukwa GRE imadya ma byte 24. Ndiye yesa ping ya size 1500, kapena 1476 ngati ndi mu tunnel ya GRE, ndi df-bit, yoletsa kuduladula paketi. Yaing'ono ikadutsa, yayikulu n'kufa, wapeza nthenda.

Alipo adzakuuza kuti ungolemba ip ospf mtu-ignore basi. Inde, neighbor adzafika FULL, kugwirizana kwathunthu, bwana adzamwetulira. Koma wangophimba chilonda. Mapaketi akuluakulu azigwabe, mawa anthu a maakaunti azidandaula kuti system ikutseguka theka. Konza MTU ifanane mbali zonse.

Chinanso, popeza config tinaikopera ku rauta ya nthambi ina, ona router ID, nambala imene rauta imadziwika nayo mu OSPF. Ziwiri zikakhala ndi ID imodzi, sizingagwirizane. Ukasintha, siigwira pompo, mpaka ulembe clear ip ospf process, ndipo zimenezo zimagwetsa ma neighbor onse kwa kanthawi. Ku Limbeko palibe chotaya poti zagwa kale, koma ku Ginnery Corner usauze munthu achite zimenezo masana ano, nthambi zina zonse zimadutsa pamenepo.

Dikira, kondakitala akufuna ndalama... eya, tipitirize.

Tinene kuti yafika FULL koma show ip route ospf ilibe kanthu. Bwerera ku zithunzi ziwiri zija, uone network type. Mbali imodzi ikakhala point-to-point ina broadcast, moni amafanana, 10 ndi 40, neighbor amatha kufika FULL, koma njira sizilowa m'tebulo. Inandidyera tsiku lathunthu imeneyi nditangoyamba ntchito. Ziyike zonse point-to-point, pa /30 palibe chifukwa chosankhira DR. Ndiye onanso ngati sipanatsalire static route yakale, njira yolembedwa ndi manja. Static ili ndi administrative distance, nambala yosankhira njira yodalira, 1, OSPF 110, yochepa ndi imene imapambana, ndiye OSPF ikhoza kuphunzira njira yabwino koma rauta n'kumatsatabe yakale yolozera ku linki imene tinaidula.

Zonsezi zikakanika, lemba debug ip ospf adj, uwerenge kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, imatchula yokha chimene chasemphana. Za hello ndi dead ndi debug ip ospf hello. Ukatha, undebug all msanga, usaisiye ikulavula.

Sintha chinthu chimodzi, yesa, kenako china. Zikatheka, copy running-config startup-config usanadzuke pampando, magetsi akangothima usanasunge tiyambiranso pachiyambi. Nditumizire chithunzi cha show ip ospf neighbor pompano, ndichione ndisanafike pa Maselema.