Makalata a Omvera: Nkhawa, Tiyi ndi Usipa wa Pathandala

Omvera athu, takulandirani ku pologalamu ya makalata anu. Lero ndiyamba ndi kalata ya mayi wina wa ku Makawa m'boma la Mangochi, amene wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Alemba motere:

"Ine ndimachita geni ya usipa. Ndimalawirira mbandakucha kukadikira mabwato kudoko, ndikagula ndimayanika pathandala, kenako ndimakagulitsa ku Boma. Chitengereni ngongole ku banki m'khonde, mtima wanga sukhalanso m'malo. Tsiku lonse ndimakhalira tiyi wa shuga wambiri ndi mandazi, ndipo nsima ndimadya usiku wokha. Pofika masana manja amanjenjemera, mutu umawawa, ana ndimangowakalipira pa tinthu tating'onoting'ono. Anzanga akuti ndalodzedwa. Kodi chakudya chingakhudze maganizo a munthu?"

Mayi, pepani ndi zimene mukukumana nazo, ndipo zikomo polemba mosabisa. Yankho ndi lakuti inde, chimakhudza. Munthu akakhala ndi nkhawa, thupi limatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol, amene amathamangitsa mtima ndi kumukonzekeretsa munthuyo ngati wakumana ndi chilombo panjira. Tiyi wanu uja ndi mandazi zimakweza shuga wa m'magazi mofulumira, koma pakapita maola ochepa shugayo amatsika, ndipo thupi likaona kuti m'mimba mulibe china, limatulutsanso adrenaline yemweyo. Ndiye kuti masana aliwonse mumasenza mitolo iwiri, wa ngongole ndi wa njala, ndipo thupi silisiyanitsa. Kunjenjemera ndi kupsa mtima msanga kumene mwatchulaku kukufanana kwambiri ndi zimenezi.

Chimene chandikhudza mtima n'chakuti tsiku lonse manja anu amakhala mu usipa, koma pakamwa panu sufikapo. Ndikudziwa chifukwa chake: nsomba iliyonse mumaiona ngati ndalama yokabwezera ngongole kugulu. Komabe usipa ndi ndiwo yamtengo wapatali m'thupi, poti timaudya wonse, mutu ndi minga yomwe, motero timapezamo calcium, ayironi, zinki ndi mafuta abwino a omega-3 amene ubongo umawafuna. Ndikupemphani kuti musanayambe kuyeza wogulitsa, muzitapako dzanja limodzi lodzaza n'kuika padera kuti ndi wa pakhomo. M'mawa, musanapite kudoko, imwani phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena nyamulani mbatata yowiritsa ndi mtedza wokazinga m'kachitenje. Mgaiwa umasunga mavitamini a B amene ambiri amapita ndi gaga tikakonola chimanga, ndiponso umakhalitsa m'mimba kusiyana ndi ufa woyera. Futali amene timakonda kumasulira swaumu m'mwezi wa Ramadhani ndi chakudya chabwino chaka chonse.

Pali chinanso pa nkhani ya tiyi. Azimayi ambiri amakhala ndi vuto la kuchepa kwa magazi osadziwa, ndipo zizindikiro zake, monga kutopa, chizungulire ndi mtima kugunda kwambiri, munthu akhoza kuziyesa nkhawa chabe. Tiyi akamwedwa pamodzi ndi chakudya amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi wa mu nyemba, nandolo, bonongwe kapena chigwada, pamene vitamini C amathandizira. Kuno kwathu malambe ali ponseponse, ndipo vitamini C ali nayo wochuluka. Choncho pa nsima imwani madzi a malambe, tiyi adikire ola limodzi. Koma mayi, wailesi siyeza magazi. Pitani kuchipatala chapafupi akakuyezeni magazi, shuga ndi BP, ndipo zimene mwandilemberazi mukawafotokozere a dokotala zonse. Za ngongolezo, khalani pansi ndi anzanu a kugulu muwauze zoona zake tsiku lobweza lisanafike, chifukwa phala silidzakubwezerani ngongoleyo, lingokupatsani mphamvu ndi mutu wozizira pokambirana.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi, yochokera kwa mnyamata wa kabaza ya njinga yamoto ku Namwera. Akuti: "Bwana mwini njinga amafuna ndalama yake tsiku lililonse, ndiye ndimamwa zakumwa zopatsa mphamvu mabotolo atatu kuti ndisaodzere. Usiku tulo sitibwera mpaka nditamwako kachasu pang'ono. Ndikulakwitsa?"

Achimwene, mukudzipweteka, ndipo ndikunena izi mokukondani. M'zakumwazo muli mankhwala ochotsa tulo otchedwa caffeine, amene pakatha maola pafupifupi 5 theka lake limakhala likadali m'thupi, choncho botolo la madzulo ndi limene likukulandani tulo. Kachasuyo amakugwetsani msanga, koma tulo ta mowa timadukaduka, n'chifukwa chake mumadzuka otopa n'kuthamangiranso botolo lina, kenako n'kunyamula mwana wa eni panjinga m'mapiri okhotakhota otsikira ku Boma aja. Chepetsani pang'onopang'ono, poti kusiya mwadzidzidzi kumawawitsa mutu kwa masiku angapo. Dzuwa likapendeka musamwenso, masana imani mudye nsima yeniyeni, ndipo botolo la madzi lisachoke panjinga. Ngati mowawo wafika poti simungagone popanda iwo, kapena maganizo ofuna kudzivulaza akumakubwererani, musadikire pologalamu ya sabata yamawa, pitani ku chipatala chachikulu cha Mangochi mukaonane ndi ogwira ntchito za matenda a maganizo. Mutilemberenso mwezi ukatha kuti timve mmene mukugonera.