Mowa sugonetsa bwino, lekani kunamizana!

Muli bwanji a Lusaka! Amene mukuonera muli m'minibasi yopita ku Matero, kwezani voliyumu. Lero tikukamba za tulo ndi maganizo. Dinani subscribe kaye, tiyambe.

Choyamba, mwachangu: munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 mpaka 9. Akaperewera, mawa lake mwana akangogwetsa kapu, wakalipa kale.

Chachiwiri, nkhawa. Lendi, fizi ya ana, wa kaloba akuimba foni usiku. Thupi limatulutsa mahomoni a nkhawa otchedwa cortisol ndi adrenaline, mtima umagunda, tulo timathawa. Kusagonako kumakulitsanso nkhawa ija.

Chachitatu, apa ndiye ndichedwapo, chifukwa bodza ili landikwana. “Ndingomwako ziwiri kuti ndigone bwino.” Amalume, ayi! Mowa umakugwetsani msanga, zimenezo n'zoona. Koma kukomoka si kugona. Mowa umachepetsa gawo la tulo lotchedwa REM, pamene timalota kwambiri ndipo ubongo umakhazika pansi zimene zatipweteka masana. Mowawo ukayamba kutha m'magazi, cha m'ma 3 koloko, maso gwa! Kukhosi kwauma, mtima ukuthamanga, ngongole zonse zabwerera m'mutu. Umakutumaninso kukakodza kawirikawiri, ndipo umafewetsa minofu yapakhosi, n'chifukwa chake mkonono umamveka mpaka kwa aneba. Amayi akunyumba, ndikunama? Lembani m'makomenti.

Chimene chimandiwawa n'chakuti thupi limazolowera. Mabotolo awiri sakwananso, mukufuna anayi. Munthu amene anali kale wokhumudwa, mowa umamuzamitsa. Kaya ndi Mosi, Shake Shake kapena kachasu wa m'komboni, onse amachita chimodzimodzi. Musandiuze kuti vinyo ndi wosiyana.

Chachinayi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zilekeni dzuwa likapendeka, popeza caffeine amakhalitsa m'thupi maola ambiri. Foni igone patali ndi pilo, koma mumalize kaye vidiyo ino. Muzidzuka nthawi imodzimodzi, Loweruka lomwe.

Tsopano mvetserani bwino. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa mukungokhala okhumudwa, palibe chikukusangalatsani, tulo tasokonekera, pitani kukiliniki yapafupi kapena ku Chainama Hills Hospital, chipatala cha matenda a maganizo. Amenewo ndi matenda, ndipo amachizika. Maganizo odzipha akabwera, musadikire kuti kuche: uzani munthu amene muli naye pafupi, imbani Lifeline pa 933.

Tumizani vidiyoyi pagulu la WhatsApp la kubanja. Sabata yamawa tikamba za mapiritsi ogonetsa amene anthu amangopatsana popanda dokotala.