Makalata a omvera: Jombo zachikopa pakati pa makande ndi dzuwa la kuchigwa

Takulandirani nonse amene mwatchera khutu, kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka, osaiwala inu a tsidya lija la Shire, ku Livunzu, ku Muona ndi ku Makhanga. Makalata amene ndasankha lero onse akukamba za jombo zachikopa. Mitambo yayamba kusonkhana, ndipo aliyense wogwira ntchito choimirira akudziwa mtengo wa jombo yabwino masiku ano. Ena mwapempha kuti maina anu asamveke pa wayilesi, choncho ndizitchula dera lokha.

Yoyamba yachokera kwa bambo ena a ku Ngabu, ndipo akuti:

"Ine ndine mlonda, ndimagwira ntchito usiku. Jombo zanga ndinagula zatsopano mvula ya chaka chatha isanayambe. Matope a kuno mukuwadziwa, makande omata aja. Ndikaweruka m'mawa ndimazitsuka pa mjigo n'kuziponya padenga la malata kuti ziume msanga, poti madzulo ndizivalanso. Kukakhala mitambo ndimaziika pafupi ndi mbaula. Pano zauma gwa, ndipo zang'aluka pamene phazi limapindikira. Kodi wogulitsa uja anandipusitsa?"

Bambo, wogulitsayo musamusungire chakukhosi. Jombo zanu zaphedwa ndi denga ndi mbaula. Chikopa ndi timaulusi tambirimbiri tolukanalukana, ndipo ofufuta zikopa kufakitale amalowetsamo mafuta kuti timaulusito tizitererana phazi likamapinda. Chikopa chikanyowa n'kuuma, ena mwa mafutawo amachoka. Chikauma pang'onopang'ono amachoka ochepa, ndipo mukhoza kuwabwezeretsa. Koma chikopa chonyowa chikakumana ndi kutentha kwambiri chimakhwinyata n'kulimba, ndipo sichibwereranso mwakale ngakhale muthire mafuta a botolo lonse. Oimba ng'oma amaiwamba pamoto kuti chikopa chikungike. Inu mwakhala mukuwamba jombo zanu m'mawa uliwonse. Ku Ngabu kwanuko, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumadutsa madigiri 40 pamthunzi. Nanga pa lata masana pamakhala bwanji?

Makande nawo ali ndi mlandu wake. Dothi limeneli likaumira pa jombo limayamwa mafuta a m'chikopa, ndiye musalisiye kuti ligonepo. Mukafika pakhomo, chotsani zingwe, tulutsani kampasa kopondapo ka mkati ngati kamachoka, palani matope ndi kamtengo kosasongoka, kenako pukutani ndi kansalu konyowa. M'misoko gwiritsani mswachi wakale. Kumiza jombo yonse mu beseni la sopo waufa ayi, sopo ameneyu ntchito yake ndi kuchotsa mafuta, ndipo sasankha kuti awa ndi a m'chikopa. Mukatha, pakirani nyuzipepala mkati, kapena nsanza zouma, n'kuziika pakhonde podutsa mphepo. Nyuzi zikanyowa sinthani. Ndikudziwa vuto lanu, madzulo muyenera kuvalanso. Mukasintha nyuzi kawiri kapena katatu masana, mphepo yathu yotenthayi imagwira ntchito yaikulu ngakhale pamthunzi. Zikapanda kuuma bwinobwino, kuli bwino kuvala zachinyezi pang'ono ndi sokosi zouma kusiyana n'kuziwotcha.

Ming'alu imene yachitika kale sitsekeka. Mafuta angothandiza kuti isapitirire, ndipo wosoka nsapato akhoza kuikapo chigamba mkati pamene pang'ambika kwambiri.

Yachiwiri ndi ya mayi a ku Bangula.

"Pakhomo pathu pabuka mkangano. Bambo a kunyumba amadzoza jombo zawo oyilo wakuda wotha ntchito wa njinga yamoto, akuti madzi salowa. Apongozi akuti mafuta ophikira ndiye abwino. Mwana wathu wa ku sekondale akuti Vaseline. Ine ndimangoona sokosi zikubwera zakuda bii, zosachapika. Tiweruzeni."

Mayi, mlanduwu ndiweruza mosakondera, ndipo bambo andikhululukire. Oyilo wa injini alekeretu lero lomwe. N'zoona kuti madzi amatsetsereka masiku oyamba, koma oyilo wotha ntchito amakhala ndi zinyalala za m'injini ndi mankhwala oipa pakhungu la munthu. Sokosi zakudazo zikukuuzani kuti oyiloyo akudutsa chikopa n'kufika ku phazi, phazi lotuluka thukuta tsiku lonse. Amafewetsanso guluu womata soli, ndipo chikopa chimalefuka n'kutaya maonekedwe ake. Apongozi aganiza bwino pofuna mafuta osavulaza munthu, koma mafuta ophikira amavunda m'kutentha kuno, amanunkha, ndipo usiku amaitana mphemvu ndi makoswe. Mnyamata wa ku sekondale wayandikira pang'ono. Vaseline amatchinga madzi kwa kanthawi, ndipo pa tsiku la mavuto mukhoza kupaka pang'ono m'misoko. Koma amangokhala pamwamba n'kumakola fumbi, ndiye si wodalira chaka chonse.

Chimene chinapangidwira ntchitoyi ndi dubbin, mafuta olimba a m'kachitini amene amapezeka m'masitolo ena a nsapato ndi a zipangizo. Dubbin si polishi. Polishi amawalitsa ndi kubwezeretsa mtundu, koma safewetsa chikopa kwenikweni. Kulinso ena otchedwa neatsfoot oil, ochokera ku mafupa a miyendo ndi mapazi a ng'ombe, koma kuno sapezeka wamba.

Komatu mayi, dubbin wakale uja ankapangidwa ndi mafuta a nyama, phula ndi mafuta ena amadzimadzi, ndipo ife tili m'chigwa cha ng'ombe. Pitani kwa ogulitsa nyama mukapemphe mafuta olimba oyera a pa impso za ng'ombe. Aduleni tizidutswa, asungunuleni pamoto wochepa osawapsereza, muwasefe pa nsalu yoyera mpaka pasatsale kanyama ngakhale kamodzi, chifukwa tinyama timeneti ndi timene timawola n'kununkha. Musathiremo mchere. Kenako pezani phula la njuchi kwa alimi a njuchi. Ikani mafuta magawo awiri ndi phula gawo limodzi m'chitini, ndipo chitinicho muchikhazike mu poto wa madzi otentha, osati pamoto penipeni, poti zinthuzi zimayaka. Zikasungunuka, onjezerani mafuta a nsatsi pang'ono ngati muli nawo, takasani, n'kusiya kuti zizizire. Phulalo musalinyalanyaze. Mafuta a ng'ombe paokha amayamba kusungunuka kutentha kukangodutsa madigiri 40, pamene phula la njuchi limapirira mpaka kupitirira madigiri 60. Kwa anzathu a ku Thyolo kozizira kusiyanaku n'kochepa, koma kuno jombo yopakidwa mafuta a ng'ombe okha imachucha masana. Mukaona kuti zanu zafewa kwambiri m'chitini, sungunulaninso muwonjezere phula.

Popaka, jombo ikhale yoyera, ndipo ndi bwino ikakhala ndi kachinyezi pang'ono. Tengani pang'ono pa chala kapena pa kansalu, tikitani mozungulira mpaka mafuta alowe. Chidwi chanu chikhale pa misoko, pamene chikopa chakumana ndi soli, pamene phazi limapindikira, ndi m'mbali mwa lilime la jombo, chifukwa madzi amalowera m'malo amenewa asanabowole chikopa chenicheni. Zigone usiku, m'mawa mupukute otsalira. Mtundu udzaderako pang'ono, musadabwe. Ndipo musachite kuunjika. Mafuta akachuluka chikopa chimalobodoka, jombo imaleka kugwira akakolo, komanso thukuta limasowa potulukira. Dontho la madzi likamaima pamwamba pa chikopa, mafuta akadalimo; likamalowa n'kusiya banga lakuda, nthawi yopakanso yakwana. Zonsezi ndi za chikopa chosalala. Nsapato za chikopa chaubweyaubweya zija musazipake, zimaonongeka maonekedwe.

Tipite ku Nchalo. Mnyamata wina wolima nzimbe akuti anagula jombo zachitsulo kutsogolo pa kaunjika, zooneka ngati sizinavalidwepo, nazisunga m'sutikesi kuti adzavale mvula ikadzayamba. Tsiku loyamba kuvala, soli inayamba kunyenyeka panjira mpaka anafika kunyumba akupondera chikopa. Akufunsa ngati pali mafuta amene akanateteza.

Achimwene, palibe. Jombo zambiri za kuntchito zili ndi soli yopepuka ya polyurethane, mtundu wina wa pulasitiki, ndipo soli imeneyi imaonongeka ndi chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, makamaka ikangokhala osavalidwa pamalo otentha. Jombo ya pa kaunjika yooneka yatsopano ikhoza kukhala kuti inagona zaka m'nyumba yosungira katundu isanafike kuno. Pogula, pindani soli mwamphamvu n'kuikanda ndi chikhadabo. Ikamata kapena kugwetsa tizidutswa, isiyeni. Ngati chikopa cha pamwamba chili bwino musataye, osoka nsapato a pamsika amatha kusokerapo soli ya mphira kapena ya tayala.

Kalata iyi yandikhudza. Yachokera kwa agogo ena a ku Makhanga.

"Mwana wanga, ife kuno madzi ndi mlendo wa chaka ndi chaka. Mu 2015 tinathawa, mu 2023 nthawi ya namondwe Freddy tinathawanso. Mdzukulu wanga wanditumizira jombo zachikopa kuchokera ku Blantyre. Ndipake chiyani kuti ndiziyenda nazo m'madzi osalowa ngakhale dontho?"

Agogo, takhuta, zikomo polemba, ndipo pepani ndi zonse mwaziona kumeneko pakati pa Ruo ndi Shire. Ndikuuzani zoona zokhazokha, poti kukunamizani kungakhale kukulakwirani. Palibe mafuta padziko pano amene angasandutse jombo yachikopa kukhala yowolokera madzi. Phula ndi mafuta zimathandiza pa mame, pa udzu wonyowa, pa mvula ndi pa matope a m'njira. Mukaima m'madzi nthawi yaitali, amalowa ndithu m'mabowo a singano, ndipo akafika pa akakolo amalowera pamwamba. Ya m'madzi ndi jombo ya mphira. Zachikopazo, madzi akayamba kukwera, zimangeni m'thumba la pulasitiki pamodzi ndi ziphaso ndi mabuku a kuchipatala, muzinyamule pamutu. Mukafika kumtunda muzitulutse m'pulasitikimo, chifukwa zikakhalitsamo zimachita chuku. Ndipo chonde agogo, madzi othamanga musawoloke, kaya mwavala chiyani. Jombo yodzaza madzi imalemera ndipo imakoka munthu. Zikamizidwa mwangozi m'madzi osefukira, zitsukuluzeni mkati ndi kunja ndi madzi oyera, poti madzi amenewo amakhala atasakanikirana ndi za m'zimbudzi, kenako muziumitse pamthunzi monga ndawauzira bambo a ku Ngabu aja, n'kuzipaka mafuta zisanaumiretu.

Mphunzitsi wina wa ku Chikwawa akudandaula za zoyerayera zimene zikutuluka pa jombo zake. Aphunzitsi, yang'anitsitsani, pakhoza kukhala zinthu ziwiri. Mzere woyera wokhota umene umatsala pamene madzi analekezera ndi mchere, wochokera ku thukuta kapena ku madzi, ndipo mukudziwa kuti mijigo ina m'chigwa muno imatulutsa madzi amchere. Timadontho taubweya tonunkha chinyontho ndi chuku. Zonse ziwiri zimachoka ndi viniga wosakaniza ndi madzi muyezo wofanana. Nyowetsani kansalu, pukutani, siyani ziume, kenako pakani mafuta pang'ono. Za chuku muzipukutira panja kuti fumbi lake lisamwazike m'nyumba, ndipo muleke kusunga jombo pansi pa bedi pa simenti yachinyezi. Zikolekeni kapena ziikeni pa thandala. M'mawa musanalowetse phazi, zigwedezeni chozondotsa, zinkhanira ndi anankalizi amakonda kubisalamo.

Yomaliza ndi uthenga wapafoni wochokera kwa wakabaza wa ku Nsanje boma: "Ndapaka dubbin katatu koma jombo ikungosupuka ngati ikufundula." Achimwene, yang'anani pamene pasupukapo. Mukaona nsalu pansi pake, imeneyo ndi pulasitiki yomatidwa pa nsalu, si chikopa, ndipo mafuta alibe polowera. Chikopa chenicheni kuseri kwake kumakhala kwaubweyaubweya, ndipo m'mphepete modulidwa simuoneka ulusi wa nsalu. Dubbin wotsalayo musungireni jombo ina, ndipo mukamadzagula mudzapinde lilime lake kuti muone kuseri musanatulutse ndalama.

Nthawi yatithera. A ku Ngabu ndi a ku Bangula, mvula ikagwa mudzatilembere kuti jombozo zikupirira bwanji. Tsalani bwino.