Makalata a Omvera: Za Kukhala Chete Pagulu

Takulandiraninso omvera. Lero ndasankha makalata atatu, onse ochokera ku Mchinji.

Yoyamba alemba ndi mayi wina wa kwa Kamwendo. Akuti: "Achimwene, tilipo amayi 7. Lachinayi tikamaliza kuponya masheya ku banki m'khonde timatsalira pansi pa mango, kutsinzina n'kukhala chete mphindi 10. Kenako aliyense amanena chomwe wachipeza mumtima mwake. Apongozi anga akuti zimenezi n'zasataniki, ati pemphero lenileni limamveka. Kodi ndisiye?"

Musasiye mayi. Apongoziwo musakangane nawo, si iwo okha. Tinazolowera kuti kupemphera ndi kwaya, ng'oma ndi zimkuzamawu, moti anthu akangoti zii timayamba kuwakayikira. Komatu Salmo 46 limatiuza kuti tikhale chete, tidziwe kuti Iye ndiye Mulungu. Pa Marko 1:35, Yesu analawira kusanache kukapemphera kopanda anthu. Akatolika m'miphakati, yomwe maepiskopi a AMECEA, bungwe lawo la kum'mawa kwa Africa, anagwirizana zoilimbikitsa mu 1973, akawerenga Mawu amayamba asinkhasinkha asanagawane. Kulinso gulu lina la Akhristu lotchedwa ma Quaker, omwe anayamba ku England cha m'ma 1650 motsogozedwa ndi George Fox. Ena mwa iwo mpaka lero amatha ola lathunthu ali duu, popanda nyimbo kapena mlaliki, ndipo munthu amayankhula pokhapokha mtima wamukakamiza. Abale athu achisilamu nawo amabindikira mumzikiti masiku 10 omaliza a Ramadani. Lachinayi likudzali muwayalire mphasa apongoziwo, akadzionere okha.

Yachiwiri ndi ya bambo wa ku Mkanda: "Ine ndikangotsinzina kumabwera ngongole ya feteleza, mtengo wa soya, ndi mbuzi yanga yomwe inadya chimanga cha eni. Nthawi zina ndimawodzera. Anzanga amaoneka odekha. Vuto ndi ine?"

Bambo, mwandiseketsa. Anzanuwo nawonso amakhala akuwerengera matumba chamumtima, yodekha ndi nkhope yokha. Ganizo likabwera musalimbane nalo, bwererani kukamvetsera mpweya wanu ukulowa ndi kutuluka. Koma ngati ngongoleyo ikubwera sabata ndi sabata, ndiye mwapeza chokawauza anzanu. Ignatius wa ku Loyola, amene anayambitsa chipani cha Majezuiti, ankaphunzitsa kudzifunsa tsiku ndi tsiku: lero ndithokoze chiyani, ndalakwa pati, mawa ndikonze chiyani. Yambirani pomwepo. Za kuwodzerazo, musamakumane mutangodya nsima.

Yachitatu yandikhudza kwambiri. Ndi ya mtsikana wa kwa Waliranji: "Pagulu lathu ndinaulula kuti ndimawasungira mkwiyo mayi anga ondipeza. Patapita masiku awiri nkhaniyo ndinaimva pa mjigo, itawonjezedwa mchere. Kunyumba sitikuyankhulana."

Pepani achemwali. Simunalakwe kunena zoona, analakwa ndi amene anaitulutsa. Kanthu aka magulu ambiri amakaiwala: musanatsinzine n'komwe, pamafunika pangano loti zonenedwa pamphasa zithera pamphasa. Munthu asakakamizidwe kuyankhula. Akati "lero ndidutse," adutse. Ndipo mnzanu akatsegula mtima, ntchito yanu ndi kumva basi. Ife timafulumira ndi malangizo, wina asanamalize n'komwe tayamba kale "ndikanakhala ine". Mtsogoleri amene amafunsitsa, kapena kuyamba kutchula ndalama, ameneyo mumuthawe.

Ine ndikuti bwererani kugululo kamodzi, muwauze pamaso zimene zachitika, muone ngati wina achite manyazi. Akangoseka, pezani anthu awiri okha amene mumawakhulupirira, muyambe nawo. Za kunyumbako, pemphani azakhali anu kapena wamkulu wina amene mayiwo amamumvera akukhazikeni pansi, chifukwa iwo anamva zowonjezedwa, zanu zenizeni sanazimve. Mundilemberenso momwe ziyendere.