Ana a kuyunivesite akabwera ndi kope pakhomo panu: zomwe tidakamba pa msonkhano ku Ulongwe

Amfumu, amayi ndi abambo, achimwene ndi achemwali anzanga a kufakulidade, zikomo potipatsa mpata. Ndikudziwa kuti ambiri mwasiya kudimba mbatatesi ikufuna madzi, ndiye sindichedwetsa, koma nkhaniyi ndikufuna muimvetse bwinobwino chifukwa inuyo ndi amene timabwera kudzakufunsani mafunso.

Ife ndi gulu la ophunzira a kuyunivesite, pano tilipo 14, ena akuphunzira zaulimi konkuno ku Ulongwe ena ali ku Tete kutauni, ndipo palibe ngakhale mmodzi yemwe kozi yake ndi ya utolankhani. Timalemba nkhani za ufulu wa anthu. Mawuwa amamveka ngati a ku Maputo koma tanthauzo lake ndi lapafupi, munda walandidwa popanda kufunsa mudzi, mwana wa zaka 15 wakwatiwitsidwa, munthu wagona mu sikwadra ya apolisi masiku popanda kumuuza mlandu, mlimi wa fodya sakudziwa momwe ngongole ya feteleza yamudyera ndalama yonse. Zimenezo ndi zomwe timatsata.

Ndiyambe ndi cholakwa chathu, chifukwa malamulo onse a gululi adabadwira pamenepo. Chaka chathu choyamba mnzathu wina adapita pa msika wina, sinditchula dzina, adakumana ndi mayi wogulitsa mbatatesi pa ndowa. Mayiyo adadandaula kuti amalipitsidwa ndalama ya malo kawiri pa tsiku, m'mawa munthu wina masana munthu wina, ndipo lisiti amapatsidwa kamodzi. Mnzathuyo mtima udamuwawa, adajambula chithunzi, mayi atakhala pa thumba mwana ali kumsana, madzulo omwewo adaika pa Facebook ndi dzina la mayiyo lonse. Anthu adagawana kwambiri, ife tidasangalala kuti ntchito yayamba kuoneka. Patapita masiku anayi tidamva kuti mayi aja awachotsa pa malo awo. Tidapita kwawo awiri, tidawapeza akusankha mbatatesi zoyamba kuola pa mphasa, adatipatsa mpando, sadakalipe, adangofunsa kuti "ana anga, ndidakuuzani kuti mundiike pa telefoni?" Sadatiuze. Ife sitidawafunse. Ndipo choipa china nchakuti munthu wolandira ndalamayo sitidamufunse mbali yake, lisiti sitidaione, mayi ena a pambali sitidawafunse ngati nawo zimawachitikira, ndiye akuluakulu a msikawo atati ndi bodza tidalibe chogwira m'manja. Mayiyo adataya malo ndipo nkhani yoona idasanduka ngati mphekesera.

Kuyambira tsiku limenelo palibe amene amaika nkhani yekha. Ngakhale ikhale yotentha bwanji, imadikira Loweruka, tikakumana. Wolemba amawerenga mokweza, enafe timamufunsa ngati tili adani ake, waona ndi maso kapena wamva, ndani wina wanena zomwezo osakhala m'bale wake wa woyambayo, pepala lilipo, amene akunenedwayo wamufunsa. Funso lomalizali ndi lomwe limavuta kwambiri chifukwa kupita kwa sekretaliyo wa bairro kapena kwa mkulu wa kampani kukamuuza kuti anthu akukunenani izi, muyankhapo chiyani, miyendo imanjenjemera, koma popanda zimenezo nkhani situluka. Akakana kuyankha timalemba kuti tidapita tsiku lakuti ndipo adakana. Nkhani zambiri zimafera pa Loweruka pomwepo ndipo wolemba amakwiya, wina adasiya gulu chifukwa cha zimenezo, koma ine ndimati bola akwiye mnzathu kusiyana ndi kuti mayi wina ataye malo.

Tsono inu abambo ndi amayi, izi ndi zomwe muyenera kutifunsa tikafika pakhomo. Mwana akabwera ndi kope nati ndine wa gulu, mufunseni nkhaniyi ikupita kuti, pa wailesi kapena pa intaneti. Muli ndi mphamvu yokana. Muli ndi mphamvu yonena kuti lemba koma dzina langa ndi mudzi wanga usatchule, usandijambule. Ndipo kubisa dzina sikokwanira, m'mudzi mwathu muno mukati "mayi wamasiye wa ana asanu wokhala pafupi ndi mjigo" aliyense wadziwa kale, ndiye timachotsa ndi zizindikiro zoterozo. Timafunsa m'Chinyanja koma nthawi zambiri timalemba m'Chipwitikizi, apo ndi pomwe mawu amapindika, ndiye tisanatulutse timabwerera kudzakuwerengerani m'Chinyanja zomwe talemba kuti mudanena. Mukati sindidatero, timakonza. Akakhala mwana wosakwana zaka 18, nkhope yake sitionetsa ngakhale makolo alole. Malamulo a dziko lino ali kumbuyo kwathu pa izi, Constituição ya 2004 pa ndime 48 imapereka ufulu wolankhula ndi wolandira uthenga, ndipo imatchulanso zoteteza chinsinsi cha ntchito ya atolankhani. Koma ife ndi ophunzira, tilibe maloya ngati nyuzipepala zazikulu, ndiye chitetezo chathu chenicheni ndi kusasunga zomwe zingakupwetekeni. Maina sitilemba mu telefoni, mawu ojambulidwa tikamaliza kulemba timafufuta, pa gulu la WhatsApp sitikambirana dzina la munthu.

Ena amatifunsa, makamaka makolo, kuti mwana ndidamutumiza kukaphunzira zaulimi, izi zomuika m'mavuto nzachiyani. Mantha amenewo ndi oona, sindiwanyoza. Carlos Cardoso, yemwe adayambitsa nawo mediaFAX mu 1992 kenako Metical mu 1997, nyuzi zomwe zinkatumizidwa pa fakisi, adaomberedwa ku Maputo pa 22 Novembala 2000 akufufuza za ndalama zomwe zidabedwa ku banki ya BCM. Amade Abubacar wa wailesi ya m'dera adagwidwa ku Macomia mu Januwale 2019 akujambula anthu othawa nkhondo ya ku Cabo Delgado, adakhala m'ndende miyezi yoposa itatu. Ibraimo Mbaruco wa wailesi ya ku Palma adasowa pa 7 Epulo 2020. Mu Ogasiti chaka chomwecho ofesi ya nyuzipepala ya Canal de Moçambique idatenthedwa. Maina amenewa aliyense wolowa m'gulu timamuuza tsiku loyamba kuti alowe akudziwa. Nchifukwa chake sitiyenda mmodzi, timayenda awiri, wachitatu amatsala akudziwa komwe tapita ndi nthawi yobwerera, usiku sitigwira ntchito, ndipo nkhani ikakula kupitirira msinkhu wathu sitilimbana nayo, timaipereka kwa atolankhani okhwima kapena kwa a MISA Moçambique, bungwe loteteza ufulu wa atolankhani. Munthu akafuna thandizo la mlandu osati nkhani, timamulozera ku IPAJ komwe boma limapereka thandizo la malamulo kwa osowa ndalama. Nthawi zina chomwe munthu akufuna ndi chimenecho basi, osati kuti dziko lonse limve.

Nanga phindu lake lili pati? Taonani za ku Moatize, m'chigawo chathu chomwechi. Mu 2009 ndi 2010 kampani ya Vale idasamutsa mabanja oposa 1,300 kuti ikumbe malasha, ambiri adapititsidwa ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize. Anthu adadandaula za nyumba zong'ambika, minda yosabereka, madzi, msika wakutali. Pa 10 Januwale 2012 anthu mazana adatseka njanji yonyamula malasha, apolisi adawabalalitsa mwamphamvu, ndipo mu 2013 a bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch adatulutsa lipoti lawo la za Cateme ndi Mwaladzi, malo ena omwe anthu adasamutsidwirako. Chomwe ndimaphunzirapo ine nchakuti madandaulo aja adayamba kale njanji isanatsekedwe, anthu ankayankhula, koma mawu a pakamwa amauluka ndi mphepo. Zomwe zidatsala mpaka lero nzomwe wina adakhala pansi nalemba, banja lakuti lidalonjezedwa munda wotere lidalandira wotere, tsiku lakuti. Kuno ku Angónia kulibe malasha ngati ku Moatize koma nthaka yathu ndi yokoma ndipo anthu amaifuna. Lamulo la malo la 1997 limati mudzi womwe wakhala pa malo motsata mwambo uli ndi ufulu pa malowo ngakhale ulibe DUAT, pepala la boma lopereka ufulu wogwiritsa ntchito malo, limavomereza umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, ndipo mudzi uyenera kufunsidwa malo asanaperekedwe kwa wina. Amfumu, tsiku la msonkhano wotero likadzafika mutiitane, tidzakhale kumbuyo ndi kope, tilembe yemwe adalipo ndi zomwe zidalonjezedwa, kope lina litsale kwa inu.

Chida china chomwe anthu ambiri sachidziwa ndi lamulo nambala 34 la 2014, la ufulu wopeza uthenga. Silopangira atolankhani okha ayi, nzika iliyonse ikhoza kulemba rekerimento ku ofesi ya boma kupempha kuona chikalata, simuyenera kufotokoza chifukwa chomwe mukuchifunira, ndipo ayenera kuyankha m'masiku 21. Ife timaphunzitsa aliyense watsopano kulemba kalata imeneyi sabata yachiwiri. Timalemba makope awiri, lina timasiya lina atidindire karimbo ndi tsiku, chifukwa popanda karimbo adzakuuzani kuti kalata sidafike. Akapanda kuyankha, kope la karimbolo nalonso ndi nkhani.

Za ndalama ndinene mwachangu. Aliyense amasonkha mametikali 50 pa mwezi, yokwerera chapa ndi yogulira mega a intaneti, wosunga amawerenga zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka pamaso pa onse. Sitilandira ndalama kwa munthu yemwe tikumulemba, ngakhale ya transipoti, ngakhale nkhuku, ndiye tikakana mphatso yanu musatione ngati amwano, nsima yokha ya pakhomo timadya. Nthawi ya kampeni zipani zimabwera ndi makepisi ndi zitenje, aliyense ali ndi chipani cha mumtima mwake ndipo ndi ufulu wake, koma amene walowa kampeni amapuma kaye pa gulu mpaka chisankho chidutse.

Pali nkhani imodzi yomwe imatigawanitsa ngakhale ife tokha, ya maukwati a ana. Lamulo la 2019 lidaletsa ukwati wa aliyense wosakwana zaka 18, ndipo limalanga wamkulu wokwatira mwana komanso omwe akonza ukwatiwo. Koma wophunzira wathu akapeza nkhani yotere nthawi zambiri ndi m'mudzi mwake, wokonza ukwatiyo ndi amalume ake, amene adamugulitsira mbuzi kuti apite kusukulu. Tidagwirizana kuti munthu salemba nkhani ya kwawo kapena ya abale ake, amaipereka kwa mnzake wa kwina, ndipo choyamba si kulemba, choyamba ndi kuona kuti mtsikanayo ali pabwino ndipo angabwerere kusukulu. Achemwali a m'gulu ndi amene amatsogolera nkhani zimenezi, mtsikana sangamasuke kwa mnyamata wobwera ndi kope, ndipo nchifukwa chake mkonzi wa gulu timasinthana chaka ndi chaka, chaka chino mtsikana chaka chamawa mnyamata.

Vuto la gulu la ophunzira nlakuti anthu amamaliza sukulu nkumapita, amene wayamba kudziwa ntchito ndi amene akuchoka. Ine ndatsala ndi semesita imodzi. Tili ndi buku lalikulu la chikuto chakuda, muli malamulo athu, makope a makalata a karimbo, ndi zolakwa zathu zonse, ya mayi wa mbatatesi ili pa tsamba loyamba popanda dzina lawo. Wa chaka chomaliza aliyense amayenda ndi wa chaka choyamba mpaka atamusiyira. Nthawi ya mayeso gulu limatseka, palibe nkhani yoposa mayeso, makolo mumve zimenezo.

Mayi aja tidabwerera kwa iwo kangapo. Tidasonkhanitsa malisiti kwa ogulitsa ena asanu ndi mmodzi omwe adalola popanda maina, tidapita kwa akuluakulu a msikawo ndi mapepala m'manja, nthawi iyi sitidaike kalikonse pa intaneti. Patapita miyezi iwiri mayiwo adapatsidwanso malo, koma a kumapeto pafupi ndi ngalande, osati a kutsogolo omwe adali nawo kale, ndipo mbatatesi zomwe zidaola zija palibe adawabwezera. Mpaka lero ndikadutsa ndimawapatsa moni, amayankha bwino, koma kope ndimalibisa m'chikwama.

Amfumu, ndaona agogo kumbuyoko akweza dzanja kalekale, ndiye ndisiyire pomwepa tiwamvere. Ofuna kulankhula nafe paokha, achemwali awiriwa atsala panja pansi pa mtengo wa mango msonkhano ukatha, ndipo salemba kanthu mpaka mutawalola.