Kufulumira ndi Kupanga Zabwino: Phunziro kwa Alimi ndi Opanga Chiponde

Zikomo a tcheyamani, zikomo amfumu, amayi ndi abambo nonse. Amene muli kumbuyoko sendererani kuno kuti timvane bwino.

Mwandipempha kuti tikambirane mmene gulu lanu lingayendetsere ntchito ya mtedza ndi chiponde kuti phindu lizioneka. Pali njira ziwiri zomwe makampani akuluakulu a dziko lapansi amagwiritsa ntchito, ndipo ndikufuna muone chifukwa chake imodzi payokha siikwanira.

Yoyamba inabadwira ku Japan, ku kampani ya magalimoto ya Toyota. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, kampaniyi inalibe ndalama zogulira zitsulo zambiri n'kuziunjika ngati momwe ankachitira anzawo a ku America. Mkulu wina wa m'fakitale, Taiichi Ohno, anayamba kufunsa za ntchito iliyonse: kodi ichi tikuchitachi, wogula galimoto angavomere kuchilipirira? Ngati ayi, n'kuwononga. Anatchula mitundu isanu ndi iwiri ya kuwononga: kupanga zochuluka kuposa zomwe zikufunika, kudikira, kunyamula katundu uku ndi uku, kuunjika katundu, kuyendayenda kwa wantchito, kuchita ntchito yoposa yomwe ikufunika, ndi kupanga zolakwika. Njirayi masiku ano amaitcha Lean.

Ohno ankajambula mzere wozungulira ndi choko pansi m'fakitale, n'kumuuza kapitawo kuti aime m'menemo, azingoyang'ana. Asagwire kanthu, asalamule munthu. Tayesani zimenezi pashedi yanu tsiku lokazinga. Muona mayi akutenga mtedza wokazinga n'kuyenda nawo kuzungulira nyumba kupita kochotsa timakoko, kenaka kubwereranso nawo kumakina. Muona makina ali zii chifukwa amene amasunga kiyi wa kosungira mabotolo wapita kumsika. Muona anthu atatu akufunafuna sikelo. Palibe waulesi pamenepo, aliyense thukuta lili kamukamu, koma nthawi yambiri yapita pa zinthu zomwe sizinawonjezere kalikonse m'botolo la chiponde.

Njira yachiwiri inachokera ku America, ku kampani ya Motorola, yopanga mawailesi ndi zipangizo zolumikizirana. Mu 1986 injiniya wina, Bill Smith, anayambitsa zomwe amazitcha Six Sigma. Nkhawa yawo inali ina: katundu wotuluka m'fakitale imodzi sankafanana, wina wabwino, wina wobwezedwa. Anadziikira mlingo wokhwima kwambiri, woti pa mipata miliyoni imodzi yomwe munthu angalakwitse, zolakwika zisapitirire 3.4. Mu 1995 Jack Welch anaitengera njirayi ku kampani yomwe ankaitsogolera ya General Electric, ndipo kuchokera pamenepo inafalikira mpaka m'mabanki ndi m'zipatala. Mdani wa njirayi ndi kusinthasintha. Botolo lolembedwa magalamu 500 lero lili ndi 480, mawa 530. Likaperewera mwabera wogula, likapitirira mwadzibera nokha. Chiponde cha Lolemba n'chofiirira bwino, cha Lachinayi n'chowawa chifukwa moto unakula. Wogolosale akakumana ndi zotere kawiri, kachitatu saitanitsanso.

Kwa zaka zambiri njira ziwirizi zinkayenda padera. Cha m'ma 2000 ndi pamene anthu ambiri anayamba kuziphatikiza n'kuzitcha Lean Six Sigma. Chifukwa chake ndikuonetsani ndi chinthu chomwe tonse tikuchidziwa.

Mtedza ukauma kwambiri umavuta kusenda, zala zimapweteka ndipo wambiri umasweka. Ndiye ena amauwaza madzi madzulo kuti makoko afewe. M'mawa ntchito imayenda mwachangu, thumba limadzaza msanga, pasikelo limalemeranso. Wongoganiza za liwiro anganene kuti tapeza nzeru. Koma madzi aja alowa m'kati, ndipo mtedza wonyowa ukatsekeredwa m'thumba umachita chuku. Chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, ndipo akatswiri a zaumoyo amamutchulanso pa nkhani ya kupinimbira kwa ana. Kukazinga sikumuthetsa. Maiko a ku Ulaya salola mtedza wodya anthu kukhala ndi poizoniyu woposa mamaikulogalamu 4 pa kilogalamu imodzi (maikulogalamu ndi galamu imodzi yogawidwa m'magawo miliyoni n'kutengapo gawo limodzi), ndipo akuluakulu muli panonu mukukumbukira kuti kale Chalimbana wathu ankapita kunja wambiri. Chuku ndi chimodzi mwa zomwe zinatitayitsa misika imeneyo. Zimandiwawa kwambiri kuti mtedza wokanidwa ndi wogula ndi womwe timabwerera nawo kunyumba kukasinja nsinjiro za phala la mwana.

Tsono taonani mbali inayo. Gulu lina likamva za chuku limachita mantha, n'kuika anthu osankha mtedza katatu: posenda, polandira kushedi, ndi pokazinga. Mtedza umatuluka woyera ndithu, koma oda yachedwa milungu iwiri, aganyu adya phindu lonse, ndipo matumba omwe akudikira kusankhidwa akhala pasimenti n'kuyamba kukoka chinyezi. Kusankha kumangochotsa choipa chomwe chapangika kale. Sikuletsa kuti mawa chipangikenso.

Kuphatikiza njira ziwirizi ndiye kufunsa mafunso onse awiri nthawi imodzi: tichotse chiyani kuti ntchito ifulumire, ndipo cholakwika chikuyambira pati kuti tichitseke komweko? A Toyota omwe sanasiye funso lachiwirili. Sakichi Toyoda, bambo wa amene anayambitsa kampani ya magalimoto ija, anapanga makina owombera nsalu omwe ankaima okha ulusi umodzi ukaduka, kuti asapitirize kuwomba nsalu yoonongeka. M'fakitale ya magalimoto anaika chingwe choti wantchito aliyense, ngakhale wamng'ono, akaona cholakwika akoke, ndipo vuto likapanda kukonzedwa msanga mzere wonse wopangira magalimoto uime. Ine pamenepa ndimafunsa magulu ambiri: kodi mtsikana wotsuka mabotolo ali ndi ufulu wouza a tcheyamani kuti thumba ili likununkha chuku, lisalowe m'makina? Ngati akuopa kukalipiridwa, ndiye kuti chiponde choipa chidzatuluka ndithu, anthu akuona.

Nanga tiyambire pati? A Six Sigma ali ndi ndondomeko yomwe sifuna kompyuta. Choyamba tchulani vuto limodzi momveka. Kunena kuti "bizinesi sikuyenda" sikuthandiza. Nenani kuti mabotolo akubwezedwa kuchokera kugolosale. Kenaka yezani. Apa ndi pomwe ambiri timathawa, chifukwa timakonda kunena kuti "ndi ochepa chabe". Gulani kope, alembi azilemba tsiku lililonse mabotolo omwe apangidwa, omwe abwerera, ndi chifukwa chake. Pakatha mwezi kope lija lidzakuuzani zomwe pamsonkhano mukanangokangana.

Mukatero fufuzani gwero. Ohno ankati funsani "chifukwa chiyani" kasanu. Chiponde chawawa chifukwa chiyani? Mtedza unapserera. Unapsereranji? Wokazinga anachoka pamoto. Anachokeranji? Anapita kukatenga nkhuni. Nkhuni zinali kutali chifukwa chiyani? Palibe amene anapatsidwa ntchito yozikonzeratu dzulo lake. Mwaona, tikanaimira pa funso loyamba tikanamudula malipiro wokazinga uja, sabata yamawa mtedza n'kupsereranso. Ndipo taonani kuti kusendeza nkhuni pafupi kwachotsa kuyendayenda, kwachotsanso kuwawa kwa chiponde. Kukonza kumodzi kwagwira mbali zonse ziwiri.

Chomaliza, chomwe chimavuta kuposa zonse, ndi kusunga zomwe mwakonza. Lembani papepala lalikulu pakhoma: mtedza wochuluka bwanji pa ulendo umodzi wokazinga, mphindi zingati, matumba azikhala pamathabwa osati pansi, mtedza wowazidwa madzi sitilandira. Wobwera watsopano aziphunzira kuchokera pamenepo, osati kwa yense amene wamupeza.

Tisanabalalike, ndikupempha anthu awiri odzipereka, mmodzi woima n'kuyang'ana tsiku lokazinga likubwerali, wina wosunga kope. Kwezani manja, alembi alembe maina, ndipo pamsonkhano wa mwezi wamawa tidzayamba ndi kumva zomwe awiriwo apeza.